Kodi penti womwazikanayu ndi luso kapena misala?

FUNSO: Akulu, ndaona pa intaneti chithunzi chomwe anajambula Jackson Pollock wa ku America, palibe nkhope palibe mtengo, penti yekhayekha wangomwazikana ngati mwana wagwetsa chitini koma akuti chinagulidwa mamiliyoni a madola. Anthuwa mitu inkayenda bwino?

YANKHO: Hahaha simuli nokha. Pollock ankayala nsalu pansi nkumaizungulira akudonthetsa penti wopakira nyumba ndi kamtengo, pena mpaka zotsalira za ndudu zinkakakamira momwemo, ndiye mukamayang'ana musafunefune nkhope ayi, tsatirani mzere umodzi ndi maso muone pomwe dzanja linathamanga ndi pomwe linazengereza. Kandinsky, wojambula wina wa ku Russia yemwe anasiya zamalamulo ali ndi zaka 30 kuti azijambula, ankafanizira mitundu ndi nyimbo, nanga nyimbo yopanda mawu mumaifunsa kuti ikutanthauza chani?

Zamisalazo eya, ena analidi ndi zawo. Hilma af Klint wa ku Sweden ankati mizimu ndiyo imamutsogolera, ndipo analamula kuti zithunzi zakezo zisaonetsedwe mpaka patadutsa zaka 20 iye atamwalira. Pollock mowa unamulowerera, anafa pangozi ya galimoto mu 1956 akuyendetsa ataledzera, koma zithunzi zake zotchukazo zambiri anazijambula cha m'ma 1948 mpaka 1950, nthawi yomwe anali atausiya.