Bwanji agogo amatiyankha m'Chichewa?

Mtsikana wina wa ku Phalombe wanditumizira funso pa imelo. Akuti agogo ake akakhala pamkeka ndi anzawo amacheza m'Chilomwe, koma mdzukulu akangotulukira, nkhani imasanduka ya Chichewa. Ndiye akufunsa: bwanji ana a ku Mangochi amasewera m'Chiyao pomwe ife Chilomwe chikutithawa?

Achemwali, agogo anuwo sakukumanani Chilomwe mwadala. Khalidweli analitengera kwa makolo awo, ndipo gwero lake ndi lowawa. Alomwe ambiri analowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 1900, pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Anafika opanda minda, nakhala m'maesiteti a azungu ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, malowo akulipira ndi thangata. Anthu ankawanyoza powatcha Anguru, dzina limene mtsogoleri wa Alomwe Lewis Bandawe ndi anzake analimbana nalo m'ma 1940. Kholo lonyozedwa chifukwa cha chilankhulo chake silifuna kuti mwana wake adzalawe manyazi omwewo. Kapitawo, mphunzitsi ndi mlaliki onse ankalankhula Chinyanja, choncho anawo anakula nacho. Pomwe boma linkalengeza mu 1968 kuti Chichewa ndi chilankhulo cha dziko lonse, Chilomwe chinali chitabwerera kale kuseri kwa nyumba.

Ayao nkhani yawo ndi ina. Anali ndi mafumu awo amphamvu, a Mponda, a Makanjira, a Jalasi, ndiponso mzikiti, jando ndi nsondo. Mpaka lero mwana wa kwa Makanjira amayamba Chiyao ali kumsana, Chichewa n'kudzachitola kusukulu ndi kumsika, ziwirizi osalimbana m'kamwa mwake.

Mulhako wa Alhomwe ndimaulemekeza, chifukwa unachotsa manyazi ambiri. Koma tchopa ya ku Chonde ndi ya tsiku limodzi pachaka, pamene mwana amaphunzira kulankhula pomutuma madzi ndi pomudzudzula.

Mukapita kumudzi, afunseni kaye agogo kuti chawo ndi Chilomwe chiti, Chimihavani, Chikokhola kapena china, poti zimasiyana. Akamaphika kalongonda khalani pambali pawo, muziwafunsa dzina la mphika, la moto, la mthiko, n'kumajambula mawu awo pafoni. Akakuyankhani m'Chichewa, inu bwezani m'Chilomwe chanu chophotchokacho. Adzaseka, koma adzakukonzani.