Chingerezi cha ophunzira uinjiniya wa makompyuta: ndiyambire pati?

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa Chingerezi pa yunivesite ina mumzinda wa Blantyre, ndipo chaka chino andipatsa ophunzira a chaka choyamba omwe akuchita uinjiniya wa makompyuta. Ambiri amajomba kalasi yanga ponena kuti Chingerezi anakhoza kale pa MSCE, komatu malipoti awo akakhala osamveka, aphunzitsi a uinjiniya amadzadandaulira ine. Ineyo ndinazama pa ndakatulo ndi nkhani zopeka, za makompyuta sindizidziwa. Ndiyambire pati?
Mphunzitsi wothedwa nzeru, Blantyre

YANKHO: Aphunzitsi, ophunzira anuwo sakunama kwenikweni. Munthu sasankhidwira ku yunivesite ya boma popanda kirediti ya Chingerezi, choncho ngati mukuwabwerezera galamala yomwe analoweza ali fomu 3, chifukwa chojombera ali nacho. Chimene sanachione ku sekondale ndi Chingerezi cholembera lipoti la mu labotale, chofotokozera mmene pulogalamu ikugwirira ntchito, komanso chowerengera zikalata zomwe makampani opanga zipangizo amatulutsa. Akatswiri Tom Hutchinson ndi Alan Waters analemba mu 1987 kuti maphunziro otere aziyambira pa funso lakuti wophunzirayo chiyankhulocho akuchifuniranji, ndipo yankho la funso limenelo lili kwa anzanu omwe akukudandauliraniwo. Apempheni malipoti angapo a zaka zapitazo, abwino ndi oipa omwe, atafufutidwa mayina, pamodzi ndi zikalata zomwe amawerengetsa m'kalasi mwawo.

Simukufunika kusanduka injiniya. Tengani chitsanzo cha bolodi ya Arduino Uno, yomwe ili ngati kakompyuta kakang'ono kolamulira zipangizo zamagetsi, ndipo ophunzira ambiri padziko lonse amayambira pa iyo. Chikalata cha tchipi chake, ATmega328P, chimati mphamvu ya magetsi yodutsa pa pini imodzi (kamwendo kachitsulo kolumikizira tchipicho) isapyole mamiliampeya 40 (40 mA), pamene a Arduino amalangiza 20 mA. Nambala yoyambayo ndi malire omwe ukawadutsa chipangizo chikhoza kuwonongekeratu, yachiwiriyo ndi mlingo wogwirira ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo wophunzira amene sanazolowere kuwerenga mitu ya matebulo ndi timawu tam'munsi mwake angathe kuwotcha tchipi ngakhale liwu lililonse palokha analimva. Kuwerenga mosamala kotereku ndi luso lanu, pakuti amene amaphunzitsa ndakatulo amadziwa kuletsa wophunzira kudumpha mzere.

Chikalata china choyenera kulowa m'kalasi mwanu ndi RFC 2119, chomwe bungwe la IETF, lokonza mfundo za kagwiridwe ntchito ka intaneti, linatulutsa mu 1997 pofuna kuti olemba malamulo a kayendedwe ka intaneti azimvana. Mmenemo MUST ndi lamulo losaphwanyika, SHOULD ndi langizo lomwe ungalipatuke pokhapokha pali chifukwa chomveka ndipo zotsatira zake wazilingalira, pamene MAY ndi kufuna kwa mwini. Ndi chachifupi, chimapezeka mwaulere, ndipo ophunzira amadabwa kuona kuti timawu tomwe ankatiyesa ta mayeso a galamala ndito timagamula ngati makompyuta awiri alumikizane kapena ayi.

Pa kalembedwe, musawapatse chimangirizo cha ubwino ndi kuipa kwa mafoni. Alembe zomwe achita mu labotale sabata yomweyo: cholinga, njira yomwe atsata, zomwe apeza, ndi tanthauzo lake. Gawo lomalizali ndilo limavuta kwambiri, chifukwa wophunzira amakonda kunena kuti watsimikiza chinthu atangoyesa kamodzi, ndiye muwaphunzitse kulemba molingana ndi kukula kwa umboni womwe ali nawo. Potchula magwero a mfundo, tsatani kalembedwe kogwiritsa ntchito manambala ka bungwe la mainjiniya la IEEE, osati ka APA kotchula dzina la wolemba ndi chaka, komwe mwina inu munakazolowera. Ponena za mawu, mndandanda wa Averil Coxhead wa chaka cha 2000, wokhala ndi magulu 570 a mawu opezeka kawirikawiri m'zolemba zamaphunziro, ungakuthandizeni, koma musawaloweze ngati mavesi. Awasake m'zikalata zawo zomwezo.

Ena adzakubweretserani ntchito yosalala yolembedwa ndi ChatGPT. M'malo molimbana ndi kuwagwira, aliyense aziimirira kwa mphindi zitatu n'kufotokoza lipoti lake pakamwa, anzake n'kumufunsa mafunso. Akamakambirana m'magulu n'kusakaniza Chichewa kapena Chitumbuka, ine sindiona vuto, bola chomwe alembe ndi kupereka kutsogolo chikhale m'Chingerezi.

Za kujombazo, pitani kwa mkulu wa dipatimenti ya uinjiniya mukapemphe kuti lipoti limodzi pa semesita muzilichonga awiri, iwo aziona za sayansi, inu muziona kamvekedwe, ndipo malikisi anu aziwerengedwa pa phunziro lawolo.