Za Passat ya dizilo yochokera ku UK ija

Achimwene, mwalemba m'gulu muno kuti mwapeza Passat ya dizilo ya 2.0 TDI ya 2012 yochokera ku UK pamtengo wofewa, koma mwamva kuti Volkswagen inagwidwa ikuchita chinyengo pa nkhani ya utsi, ndiye mukufunsa ngati galimotoyo ili ndi chilema komanso ngati chipukuta misozi chimene anzathu akunja analandira chingakufikeni. Mwachita bwino kufunsa musanapereke ndalama, paja safunsa anadya phula. Ine ndayendetsa Passat ya injini yomweyo zaka zinayi muno mu Blantyre, ndiye ndikuuzani zimene ndinaziona ndi maso komanso ndi thumba.

Za chipukuta misozi iwalani, mtima ukhale pansi. Ku America kampaniyi inavomera mu 2016 kutulutsa madola pafupifupi 14.7 biliyoni, ambiri mwa iwo ogulira galimotozo kwa eni ake ndi kuwapepesa. Ku England ndi Wales anthu pafupifupi 91,000 anaisumira pamodzi, ndipo mu 2022 anagwirizana mapaundi 193 miliyoni. Ndalamazo zinapita kwa amene analowa nawo m'milanduyo. Mwina mwini wake woyamba wa Passat yanuyo anadya kale gawo lake, inu akukusiyirani chitsulo chokha.

Chimene anachita a Volkswagen (VW) ndi likasa lenileni, ngati la mwana wa Fomu 4. Galimoto ikamayesedwa utsi imaikidwa pa mashini, matayala n'kumazungulira koma iyo ili pamalo amodzi, chiwongolero osagwedezeka. Iwo analemba pulogalamu m'kompyuta ya injini yoti izizindikira zimenezi. Ikaona kuti apa ndi pamayeso, injini inkadziletsa, utsi woipa uja wotchedwa NOx n'kutsika mpaka pamlingo wa lamulo. Ikangolowa mumsewu inkabwerera ku khalidwe lake, ndipo zina zinkatulutsa utsiwo mpaka kuchulukitsa ka 40 kuposa mlingo wa ku America. Anazitulukira ndi akatswiri a pa West Virginia University amene anamangirira zoyezera kumbuyo kwa Jetta ndi Passat n'kumayenda nazo m'misewu wamba. Pa 18 Sepitembala 2015 bungwe la boma la America loona za chilengedwe, EPA, linaulula nkhaniyi, kampani inavomera kuti galimoto 11 miliyoni padziko lonse zili ndi pulogalamuyo, ndipo sabata isanathe mkulu wake Martin Winterkorn anatula pansi udindo. Injini yake imatchedwa EA189, ndipo 2.0 TDI ya 2012 imagwera m'banja lomwelo, pamodzi ndi ma Golf, ma Audi ndi ma Skoda ambiri a zaka zimenezo.

Tsono mvetsani apa, chifukwa ambiri m'gulu muno akusokoneza. Likasalo silinkawononga injini. Ndi lomwe linkachititsa kuti galimoto izikoka bwino ndi kumwa mafuta pang'ono. Wovulala anali wopuma mpweyawo, makamaka ana ndi odwala mphumu. Mavuto a mwini galimoto anayamba pamene kampani inaitanitsa galimotozo kuti ikazikonze. Ku Ulaya za injini ya 2.0 anangozisintha pulogalamu, za 1.6 anawonjezerako kasefa kapulasitiki panjira ya mpweya. Kuti NOx itsike, injini imabweza utsi wina m'kati kudzera pa chipangizo chotchedwa EGR kuti moto usatenthe kwambiri. Koma moto wozizirirapo umabala mwaye wambiri, ndipo mwayewo umakathera mu EGR momwemo ndi mu DPF, sefa yogwira mwaye imene ili pa ekizozi. Eni galimoto ambiri ku UK anadandaula kuti atangokonzetsa, EGR inayamba kufa ndipo mphamvu zinkathawa pamsewu. Kampani inakana kuti kukonzako n'kumene kunayambitsa, komabe inalonjeza kusamalira zipangizo zina kwa miyezi 24. Miyezi imeneyo inatha kalekale.

Yanga inali yokonzedwa kale, ndinapeza kasitika kake m'buti pafupi ndi tayala la sipeya. Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Chilomoni, ntchito m'tauni. Taganizani mtundawo: injini isanatenthe n'komwe ndafika, madzulo n'kumakwawa pamzere mu Chipembere Highway ndikapita kukatenga ana. DPF imadziyeretsa yokha powotcha mwaye, koma imafuna muyende mphindi 20 kapena 30 pa liwiro labwino osaimaima. Ine sindinkaipatsa mpata umenewo. Tsiku lina tikuchokera ku maliro ku Chikwawa, apongozi ali pampando wakutsogolo, kanyali kochenjeza ka pa dashibodi, kooneka ngati sipuling'i, kanayamba kuphethira tili pakati pa mapiri a Thabwa. Ndikaponda moto, galimoto ziii, ngati yamangidwa chingwe kumbuyo. Malole a shuga amene ndinawapitirira kumunsi anayamba kundiimbira hutala. Apongozi anangoti, "Bambo, tizitsika tikankhe?" Manyazi ake sindidzaiwala.

Makaniko atamasula EGR, imene ili kuseri kwa injini moti kuifikira kokha ndi ntchito ya tsiku lathunthu, anandiitana kuti ndidzaone. M'kati munali mwaye wosakanikirana ndi oyilo, wolimba ngati phula la pamsewu, bowo lotsala loti chala chaching'ono chokha n'kulowa. Anapala ndi sikuludiraiva mpaka kudzaza theka la kachitini. Yatsopano sinapezeke ku Limbe kapena ku Ndirande, tinachita kuitanitsa ku Johannesburg, masabata atatu ndikukwera minibasi. Za Toyota mumangolowa sitolo yachiwiri mwapeza, za izi mumayamba mwafunsa kaye kuti randi ikugulidwa bwanji lero.

Pamenepo ndi pamene anandinong'oneza njira yachidule imene aliyense wa TDI muno amaidziwa: kuboola DPF, kutseka EGR ndi kachitsulo, kenako kunamiza kompyuta kuti zonse zilipo. Sindinama, ndinagona nayo maganizo masiku awiri, poti mtengo wake unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi sipeya. Koma taonani, chimenecho ndi chinyengo chomwe chija tikuwanenera a VW, kungoti chathu n'choposa, chifukwa iwo sefa ya mwaye sanaichotse. Ku UK galimoto yochotsedwa DPF imalephera MOT, yomwe ndi COF ya kumeneko, kuyambira 2014. Kuno ine popita ku COF amandiona mabuleki, magetsi ndi matayala, palibe anasuzumirapo ku ekizozi. Ndiye utsiwo umathera pa amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ku Limbe, mwana ali kumsana, mphuno yake ili pamlingo weniweni wa ekizozi ya lole. Sindikuweruza amene anachotsa, ndalama ndi yovuta, koma tisamadzitche ochenjera.

Enanu mwalemba kuti "ndi chifukwa chake ife timagula za ku Japan." Pepani, nakonso kuli zake. Hino, kampani ya malole ya ku Japan, inavomera mu 2022 kuti inkanamiza ziwerengero za utsi kuyambira cha m'ma 2003. Mu Januwale 2024 Toyota inaimitsa kaye kutumiza Hilux, Hiace ndi Land Cruiser 300 za dizilo zitadziwika kuti mayeso a mphamvu ya injini sanayende mwachilungamo. Daimler ya Mercedes-Benz ndi Fiat Chrysler nazo zinalipira ndalama zambiri ku America pa nkhani za utsi, ndipo Bosch, imene inapanga makompyuta a injinizo, inalipitsidwa mayuro 90 miliyoni ku Germany. VW yokha nkhaniyi yaidyera mayuro oposa 30 biliyoni, ndipo mmodzi wa mabwana ake, Oliver Schmidt, anagamulidwa zaka 7 kundende ku America.

Ndipo mtengo wofewa mukuunenawo ukuchokera komweko. Mu 2015 pafupifupi theka la galimoto zatsopano ku Ulaya zinali za dizilo, pofika 2023 zinali zosakwana 15 pa 100 zilizonse. Kuyambira 2017 anayamba kuyesa utsi galimoto ikuyenda mumsewu weniweni. Ku London, galimoto ya dizilo yosafika pa mlingo wa utsi wotchedwa Euro 6 imalipira mapaundi 12.50 tsiku lililonse ikayenda m'dera loletsa utsi wambiri lotchedwa ULEZ, ndipo kuyambira Ogasiti 2023 deralo ndi mzinda wonse. Passat ya 2012 ndi Euro 5. Mwini wake akaona choncho amangoitaya pamtengo uliwonse, ikwere sitima, ife kuno n'kumati tatola.

Ngati mtima wakana kuisiya, pemphani nambala yake ya ku UK muone mbiri ya MOT pa intaneti, ndi yaulere, ndipo imaonetsa makilomita enieni chaka ndi chaka, kungoti iwo amalemba m'mamailosi. Muiike pa mashini owerenga kompyuta ya galimoto musanalipire kuti muone mwaye wadzaza bwanji mu DPF, ndipo makaniko wanu alowe pansi aone ngati sefayo sinadulidwe n'kuwotchereranso. Oyilo wake ndi wolembedwa VW 507 00 basi, oyilo wamba amasiya phulusa lambiri losapsa m'sefamo. Dizilo wa m'zigubu nthawi ya mizere musayerekeze, ma injekita ake salola madzi kapena palafini.

Kwa munthu woyenda Blantyre–Lilongwe kawirikawiri ndi galimoto yokoma, thanki imodzi ndinkapita ndi kubwerera. Koma mwanena kuti mumakhala ku Namiwawa ndipo ofesi ili ku Ginnery Corner. Pamenepo ine ndikanagula ya petulo. Yanga nditaikonza ndinkachita kuipititsa ku Zalewa Loweruka lililonse m'mawa popanda chokachita, kungoti iwotche mwaye, n'kugulako mbatata pobwerera kuti kunyumba asandifunse za mafuta.