Amayi abusa akuti mabuku achikondi ndi tchimo: ndikuyankha kalata

Kalata iyi yagona masabata awiri mu imelo yanga. Sikuti ndinatanganidwa ayi, inangondikanda pachilonda. Achemwali ena, ali pabanja zaka 14, amakonda nthano zachikondi zachikhristu, zija zochitika kalekale ku America ndi ku Roma. Buku linagwa m'chikwama pa msonkhano wa amayi, amayi abusa n'kulitola, kuyang'ana chikuto, n'kunena kuti mkazi wopemphera sawerenga zoterezi. Ndiye akufunsa: "Kodi ndikuchimwa? Ndisiye?" Kumapeto kwenikweni, ngati akunong'ona, awonjezera kuti nthawi zina akatseka buku amawayang'ana bambo akunyumba n'kumva mtima kuwawa.

Achemwali, khalani pansi, ndiyambe ndi zanga.

Ndili Fomu 2 kusukulu ina yogonera ya atsikana, tinali ndi nthano yachikondi imodzi ya Mills and Boon yopanda chikuto, masamba ake atachita kufewa ngati nsalu. Inkayenda bedi ndi bedi. Aliyense ankapatsidwa usiku umodzi, tochi pansi pa bulangeti, ndipo wochedwetsa ankalipira sopo. Usiku wanga unakwana Lachitatu, Lachinayi m'mawa ametroni anabwera kudzafufuza m'masutikesi. Mabuku onse anawotchedwa kuseri kwa khitchini ife titaimitsidwa pamzere. Ndinali nditatsala ndi masamba ngati 20. Mpaka lero sindikudziwa ngati dokotala wa m'nthanomo anamukwatira mtsikana wake uja, ngakhale kuti m'mabuku amenewo amakwatirana basi. Chaka chotsatira nditatembenuka mtima, ndinayamba kuwotcha ndekha. Ndinkati nthano iliyonse ndi bodza, ndipo tate wa bodza timamudziwa. Ndinakhala choncho zaka zambiri, ndikuwerenga Buku Lopatulika ndi manotsi a kukoleji basi, ndiponso ndikudzimva kuti ndine woyera kuposa anzanga.

Chinandibweza ndi kaunjika wa mabuku pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Ndinkafuna dikishonale ya mwana, ndinabwerako ndi Redeeming Love ya Francine Rivers, chifukwa mnyamata wogulitsayo anandiikira pamwamba ngati basela. Ndinaliyamba madzulo magetsi atazima, pakandulo. Nsima inapserera. Bukuli linatuluka mu 1991, ndipo nkhani yake ikuchitikira ku California m'zaka za m'ma 1850, golide atangopezeka mu 1848 amuna n'kukhamukirako ngati ngumbi. Mtsikana anagulitsidwa ku uhule ali ndi zaka 8, atakula akukwatiwa ndi mlimi woopa Mulungu, koma akuthawa, mwamunayo akumulondola, akuthawanso. Nditafika pakati ndinaliika pansi n'kutsegula Hoseya, buku limene ndinali ndisanaliwerengepo lonse pa zaka zonse zija ndinkadzitcha woyera. Zonse zili momwemo: Gomeri mkazi wa Hoseya, kuthawa kwake, mneneri kukamugula ndi ndalama zasiliva 15 ndi barele. Nthano yomwe ndinkati ndi bodza ndi imene inandilondolera kwa mneneri amene ndinkangomudumpha pofunafuna Yoweli.

Ndiye amayi abusa anu ndimawalemekeza, ndipo mwina anangoona chikuto cha mkazi wovala diresi lalitali tsitsi lili m'mphepo n'kukumbuka mabuku a kusekondale aja. Koma pamenepa alakwitsa. Ngati nkhani ya mwamuna ndi mkazi kukondana ili yodetsedwa, buku la Rute tilichotse, chifukwa muli mkazi wamasiye akukagona kumapazi kwa Boazi usiku padwale, atachita kuuzidwa ndi apongozi ake kuti asambe ndi kudzola. Nyimbo ya Solomo ndiye sitiyamba n'komwe, ngakhale alaliki amaizemba ngati muli minga. Natani sanamulalikire Davide, anamusimbira kankhani ka mwana wa nkhosa wa munthu wosauka, mfumu n'kudziweruza yokha. Nanga mafanizo a Ambuye Yesu? Mwana wolowerera uja palibe amene ali ndi kalata yake yobadwira.

Chimene chimandinyansa n'chakuti chiweruzochi chimagwera amayi okha. Bambo akhala maola awiri akukuwira Arsenal, palibe amene amawatumizira akulu a mpingo. Mayi wachapa, waphika, wagoneka ana, watenga theka la ola kuti awerenge, ndiye wayamba kugwa m'chikhulupiriro. Ayi ndithu. Francine Rivers mwiniwakeyo anayamba ndi kulemba mabuku achikondi wamba, atatembenuka mtima m'zaka za m'ma 1980 sanataye cholembera, anangochitembenuza. Ine zimenezo zimandiuza zambiri kuposa ulaliki wa pachikuto.

Koma musafulumire kuomba m'manja, chifukwa mabuku amenewa ndili nawo mlandu.

Tengani Love Comes Softly ya Janette Oke, mayi wa ku Canada, ya mu 1979, imene ambiri amati ndiyo inatsegula njira ya mabuku a mtunduwu. Mtsikana wafedwa mwamuna ali paulendo wokasaka malo kumadzulo, ali ndi pakati, alibe pogwira. Bambo wina wofedwanso, wa kamwana kakakazi, akumuuza kuti akwatirane kuti azimulerera mwanayo, chisanu chikatha adzamulipirira ulendo wobwerera kwawo. Kuno tikanati n'chokolo, kungoti bamboyo si m'bale wa malemu. Ndi nkhani yokoma, ndinalira nayo. Koma tsiku lina ndinadzifunsa: minda imene akulimayo inali ya ndani? M'mabuku ambiri oterewa dziko limaoneka ngati linali lopanda mwini, likungodikira akhristu abwere ndi ngolo zawo. Boma la America linakhazikitsa lamulo mu 1862 lopereka maekala 160 kwa wofuna kulima, ndipo nthakayo inali ya eni dziko amene anathamangitsidwa. Ku California komwe kuja eni dziko anaphedwa ambirimbiri nthawi ya golide, mpaka mu 2019 bwanamkubwa Gavin Newsom anapepesa m'dzina la boma. Ife a ku Thyolo ndi Mulanje nkhani ya malo olandidwa sitichita kuuzidwa. Ndiye ndikawerenga ndimasangalala, koma diso limodzi limakhala lotsegula.

Apa mpamene ndimapsa mtima ndi alembi athu. Nkhani tili nazo zodzaza nkhokwe. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, a Dutch ku Mvera mu 1889. Ganizirani mtsikana wowomboledwa m'manja mwa ogulitsa akapolo ku Nkhotakota, wakulira pamishoni, akufunsiridwa ndi mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi pomwe amalume ake amulonjeza kale kwa wamitala. Ganizirani banja la ku Chiradzulu mu Januwale 1915, mwamuna watsatira John Chilembwe, mkazi watsala ndi ana. Samuel Josia Ntara analemba Nthondo kale mu 1933, m'Chinyanja chathu chomwechi, nkhani ya munthu kuchoka kubadwa mpaka kutembenuka mtima. Njira inalambulidwa kalekale. Nanga n'chifukwa chiyani tikulirabe ndi akazi amasiye a m'chipale chofewa chimene sitinachionepo?

Za bambo akunyumba

Ndabwerera, chifukwa funso lanu lenileni ndi lija munanong'ona. Inenso zinandichitikira. Nditamaliza buku la mlimi wa ku California lija, bambo anga analowa, n'kuvula nsapato pakati pa balaza, n'kufunsa ngati madzi osamba atentha. Ndinawayang'ana ngati andibera kanthu. Sabata yonse ndinkayankha mwachidule, iwo osadziwa mlandu wawo. Mlandu wawo unali wosakhala munthu wa papepala. Mwamuna wa m'buku analengedwa ndi mkazi, mawu onse amene amanena anamuikira m'kamwa ndi mkazi wodziwa zimene akazi timafuna kumva. Sachita mkonono, sakhala ndi ngongole ya banki m'khonde, alibe achemwali obwera kudzakhala miyezi itatu. Amene anagona pabenchi kuchipatala usiku wonse mwana wathu atadwala malungo si mlimi wa ku California. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Komanso pali mbali ina imene ndiyenera kuinena mosapsatira. Ndamvapo amayi akugwiritsa ntchito nkhani ya Hoseya pouza mnzawo womenyedwa kuti banja ndi kupirira. Werenganinso. Mwa Hoseya wopirira ndi mwamuna, ndipo chithunzicho ndi cha Mulungu ndi Israyeli. Si chilolezo choti munthu azikuthyolani nthiti inu mukudikira kuti tsamba lomaliza zinthu zikoma. Ngati mtima ukuwawa chifukwa bambo salankhula mawu okoma, limenelo ndi la buku. Ngati ukuwawa chifukwa bukulo lakuonetsani kuti zimene mukukumana nazo ndi nkhanza, musalinamizire buku, pitani kwa ankhoswe, ndipo zikakhala zomenyana, kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa.

Ndiye musasiye. Buku likakusiyani mukunyoza bambo, lipumitseni mwezi umodzi muwerenge zina. Likakhala lochokera m'Baibulo, werengani ndimeyo pambali pake. Mukafuna za ku Roma, A Voice in the Wind ya Rivers yemweyo imayambira pa kugwa kwa Yerusalemu m'chaka cha 70, ndipo ndi yolemera kuposa zambiri. Amayi abusa musakangane nawo pagulu. Apezeni kunyumba, muwabwereke buku lomwe analitola lija, muwapemphe kuti akuwerengereni n'kukuuzani pamene palakwika. Ine ndinatero ndi amayi busa athu zaka zitatu zapitazo. Bukulo silinabwerebe, ndipo ndamva kuti tsopano lili kwa amayi a msungichuma.