Mafunso Anu: Kodi Robin Hood analikodi, nanga ankagawiradi amphawi?

FUNSO: Akonzi, ine ndi mchimwene wanga takhala tikutsutsana chionereni filimu ya Robin Hood ija ya Kevin Costner. Iye akuti munthuyu analikodi ndipo ankalanda kwa olemera nkumagawira amphawi, ine ndikuti zonse nzopeka za ku Hollywood basi. Mutiweruze chonde. Wowerenga wa ku Dedza.

YANKHO: Achimwene, Hollywood sinamupeke ayi, inamupeza atakalamba kale. Ku England anthu ankamuimba m'nyimbo zazitali zofotokoza nkhani, zangati zomwe oimba bangwe amachita kuno, ndipo cha m'ma 1377 William Langland analemba za wansembe waulesi yemwe akuvomera kuti pemphero la Atate Wathu amaliphonya koma nyimbo za Robin Hood ndiye amazidziwa pamtima. Za munthu weniweni, m'mabuku akale a m'makhothi muli anthu angapo a dzina lofanana ndi limeneli, mwinamo ngati dzina longopatsa chigawenga, ndipo palibe m'modzi yemwe akatswiri a mbiri anagwirizana kuti ndi ameneyu.

Koma pa zogawira amphawi mpomwe ndikufuna tikhalitse, chifukwa Robin wa m'nyimbo ndi wina ndithu, ndipo ine ndi amene amandisangalatsa kuposa wa pa kanema. Nyimbo yayitali kwambiri, A Gest of Robyn Hode, inasindikizidwa cha m'ma 1500, ndipo imayambira ku Barnsdale ku Yorkshire osati ku nkhalango ya Sherwood ya m'mafilimu ija. M'menemo Robin si bwana wolandidwa malo, ndi munthu wamba womasuka, wodziwa uta. Khalidwe lake nlakuti sadya mpaka anyamata ake amupezere mlendo pamsewu, ndiye tsiku lina Little John, mmodzi mwa anyamatawo, akubwera ndi msilikali wina waulemu wapahatchi koma zovala zakutha, nkhope yakugwa. Adya nyama akhuta, kenako Robin akuti lipirani. Mkuluyo akuti ndili ndi masheleni 10 okha, Little John atayala chovala pansi nkukhuthula katundu wake akupezadi masheleni 10. Kumufunsa bwino, mwana wake anapha munthu ndiye pofuna kumuwombola anakongola mapaundi 400 kwa mkulu wa amonke a St Mary's ku York, chikole ndi malo ake onse, ndipo tsiku lobweza lakwana. Robin akumubwereka ndalamazo popanda chikole china koma dzina la Maria Virigo, yemwe iye ankamulemekeza kwambiri.

Tsono tamverani mapeto ake. Patapita chaka anyamata aja agwira mmonke wa ku St Mary's komweko, naye amudyetsa nkumufunsa kuti muli ndi zingati, iye kutchula kandalama kochepa, atasecha anapeza mapaundi 800. Robin anangoti Maria wabweza ngongole kawiri, natenga zonse. Mwaona? Wonena zoona amachoka ndi zake, wabodza amasiya zonse. Nzoona kuti amalamula anyamata ake asavutitse mlimi wolima ndi pulawo, koma mabishopu awamange ndi kuwakwapula, sherifu (mkulu wosungitsa malamulo a mfumu) wa ku Nottingham naye asamuiwale, ndipo nyimboyo imatha ndi mawu oti anachitira zabwino osauka, koma zoti akuyenda m'midzi nkumamwaza ndalama simuzipezamo.

Ndiponso anthu amenewa sanali ofatsa. Mu nyimbo ya Robin Hood and the Monk ya cha m'ma 1450, Little John akudula mutu mmonke yemwe anapereka Robin kwa sherifu, ndipo mnzake Much akupha kamnyamata kantchito ka mmonkeyo kuti kasakaulule. Malo amenewa amandipweteka nthawi zonse ndikawerenga, ndipo nyimboyo imangodutsa ngati palibe chachitika. Zoterezi opanga mafilimu amazilambalala.

Zambiri zomwe munaona zija zinabwera pambuyo. Mfumu ya mu Gest dzina lake Edward, za Mfumu Richard ndi mng'ono wake John zinalowa m'zaka za m'ma 1500, Marian, wokondedwa wa Robin, naye anachokera ku masewero a m'midzi a mwezi wa May, ndipo mu 1598 Anthony Munday ndi amene anamuveka Robin ubwana m'masewero ake a pa siteji. Filimu ya Errol Flynn ya 1938 inasonkhanitsa zonsezi nkupanga Robin womwetulira wa zovala zobiriwira yemwe dziko lonse limamudziwa, Disney mu 1973 inamusandutsa nkhandwe. Azeem wa Morgan Freeman mu filimu yanu ya 1991 ija m'nyimbo mulibe, ngakhale mnzake wachisilamu wa Robin anaonekapo kale pa TV ya ku Britain m'ma 1980.

Ngati mukufuna kudziwerengera nokha ndi achimwene anuwo, Francis James Child anasonkhanitsa nyimbo zakale 305 za ku England ndi Scotland pakati pa 1882 ndi 1898, za Robin Hood zili pa nambala 117 mpaka 154 ndipo zimapezeka ulere pa intaneti. Chingerezi chake nchakale kwambiri, kalembedwe kake kamazunguza mutu poyamba, ndiye muziwerenga mokweza pang'onopang'ono, yambani ndi 117 yo, yomwe ndi Gest ija.