Musanafunefune mbande, yambani mwayenda m'mbali mwa Nasolo

Achimwene, ndawerenga funso lanu loti gulu lanu la achinyamata a ku Ndirande likufuna kubzala mitengo m'mbali mwa mtsinje wa Nasolo mvula ikubwerayi, ndipo mukufunsa kumene mungapeze mbande zaulere komanso mitundu yomwe imakula msanga. Mtima umenewu ndi wabwino ndipo ndakondwa nawo kwambiri. Komabe ndiloleni ndinene mosabisa kuti mbande ndi gawo laling'ono kwambiri la ntchito imene mukufuna kuyambayi. Chimene chimapha mitengo yambiri ya m'mbali mwa mitsinje ya mu Blantyre ndi chakuti anthu amaikonzera tsiku limodzi lokha lobzala, osakonza za amene adzaiyang'anire kuyambira Meyi mpaka mvula yotsatira.

Ndikunena izi chifukwa zinatichitikira ife. Ndimakhala ku Chilomoni, ndipo zaka zingapo zapitazo gulu lathu la kumpingo linabzala mitengo m'mbali mwa kamtsinje kena kotsika kuchokera ku Michiru. Bungwe lina linatilonjeza mbande mu Disembala koma linazibweretsa kumapeto kwa Febuluwale, zambiri zili za bulugama, zina mizu itaboola kale machubu. Tinabzala tsiku limodzi, tinaimba, alendo analankhula, zithunzi zinajambulidwa. Pofika Okutobala mitengo yamoyo inali yowerengeka ndi zala. Ina inadyedwa ndi mbuzi, ina ndi chiswe, chigawo china chinapsa ndi moto wa anyamata osaka mbewa. Koma chimene sindichiiwala ndi gogo wina amene tinamupeza akuthirira mpiru padimba lake, mbande zathu zitaunjikidwa pambali, zitazulidwa bwinobwino. Sanakalipe ayi. Anangoika kheni pansi nkutifunsa kuti, "Ana anga, mitengo yanuyi ikakula nkuchita mthunzi, ndiwo zimene ndimagulitsa kuti adzukulu apite kusukulu ndizidzalima kuti?" Tinalibe choyankha, chifukwa tinali titabzala pamalo pake osamuuza.

Ndiye chinthu choyamba, musanapemphe mbande kwa aliyense, yendani wapansi m'mbali mwa mtsinjewo kuchokera kumtunda kutsikira kumunsi, kope lili m'manja. Lembani kuti apa pali dimba la yani, apa akukumba mchenga ndani, apa akuumba njerwa, apa ndi potayira zinyalala, apa nyumba yalowa mpaka m'khwawa. Mudzaona kuti palibe malo opanda mwini, ngakhale amene akuoneka ngati tchire. Mukatero pitani kwa mfumu ya deralo, kwa khansala, ndi ku Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre, kenako mukhale pansi ndi eni madimbawo mmodzimmodzi. Malamulo alipo: pali lamulo la zankhalango la 1997 lomwe linakonzedwanso mu 2020, pali lamulo la zamadzi la 2013, palinso lamulo losamalira chilengedwe la 2017. Ndi bwino kuwadziwa, koma mukafika kwa mayi wolima tomato mutatsogoza lamulo, adzakumverani mwaulemu masana nkudzazula mbande zanu usiku.

Ife chaka chachiwiri tinasintha njira. Tinagwirizana ndi eni madimba kuti aliyense asiye mapazi asanu kuchokera m'mphepete mwa madzi osalima, ndipo chilichonse chobzalidwa m'kachigawo kameneko chikhale chake, osati cha gulu. Pafupi penipeni ndi madzi tinaika udzu wa vetiva ndi nsenjere, chifukwa mizu yake imaluka dothi msanga kuposa mtengo uliwonse, ndipo nsenjereyo mwini wake amamweta nkupatsa ziweto. Kumbuyo kwake tinaika nsungwi, nthochi, ndi mitengo ingapo ya mango ndi mapeyala. Mitengo yachilengedwe tinaiika motalikirana kuti isaphimbe ndiwo zamasamba za m'madimba. Gogo uja ndi amene anadzakhala mlonda wathu wamkulu, moti mwana akangolowetsa mbuzi m'malomo ankamva mawu ake ali patali.

Pa funso lanu la mitundu, ndikupemphani kuti musathamangire yokula msanga. Bulugama amakula msangadi ndipo ali ndi ntchito yake pa milimo ndi nkhuni, koma amamwa madzi ambiri ndipo pansi pake sipamera udzu wokwanira, choncho malo ake ndi kumtunda kouma, kutali ndi mtsinje ndi zitsime. M'mbali mwa madzi funani mitengo imene imamera kumeneko mwachibadwa: mbawa, mkuyu, katope, mwimbi, chonya ndi mthethe. Ngakhale dzina la siteji ya Mibawa, pafupi ndi pamene mtsinje wa Mudi umadutsa m'tauni, likutikumbutsa mtengo umene umagwirizana ndi malo oterewa. Mbande mukafunse ku ofesi ya zankhalango ya boma la Blantyre, ku Khonsolo, ndi ku bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe lakhala likugwira ntchito ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu kwa zaka zambiri. Koma ine ndimakonda nazale ya gulu lenilenilo. Mukafesa m'machubu mu Ogasiti kapena Seputembala, mbande zimakhala zitakhwima pofika Disembala, ndipo simudikira galimoto ya munthu wina. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala nkutha pa 15 Epulo, koma musanyengeke ndi tsiku lomalizalo. Mtengo wobzalidwa mu Malichi umapeza mvula ikutsazika, mizu isanazike, ndipo kutentha kwa Okutobala kumaumaliza. Bzalani mvula ikangokhazikika, pasanathe Januwale, m'maenje okumbiratu a masentimita 60 m'lifupi ndi m'kuya, dothi lapamwamba mutalisakaniza ndi manyowa owolerana bwino.

Palinso njira imene anthu ambiri amainyoza chifukwa ilibe mwambo wojambulitsa, koma kwa ife ndi imene inabala zipatso kuposa zonse. M'malo otsetsereka ambiri muli zitsa za mitengo yachilengedwe zomwe zikadali zamoyo pansi. Mukasiya kuzitentha ndi kuzisadza, nkusankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa chilichonse, zinazo nkudula, mtengo umabwerera mofulumira kwambiri chifukwa mizu yake ndi yakale ndipo inafika kale pa chinyontho. Sufuna kuthiriridwa, ndipo chiswe sichiuvutitsa ngati mbande ya m'chubu.

Tsopano za mtsinje wanuwo. Nasolo amatsika kuchokera m'phiri la Ndirande nkukathira mu Mudi, ndipo amene tinakula tikuona phirilo lili ndi mitengo tikukumbukira momwe linametedwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Madzi amene amagumula gombe kumunsi amayambira kumtunda kopanda chophimba kumeneko. Mukabzala kumunsi kokha, zigwembe za kumtunda zili chitsegukire, mvula imodzi yamphamvu idzakokolola ntchito yanu yonse. Choncho gawani mphamvu zanu: ena akhale kumtsinje, ena akwere kukatseka zigwembe ndi timipanda ta miyala totsatizana, kuyambira kumutu kwa chigwembe kutsika nacho, ndi kubzala vetiva mopingasa chitsetse. Timipanda timeneti tisakhale tatitali, ndipo pakati pazikhala potsikirako kuti madzi adutse pamwamba dothi litatsalira. Mvula itangotha mukapita kukaona, mudzapeza matope atadzaza kuseri kwa miyala, udzu utayamba kale kumera.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo tonse a mu mzinda uno tinaziona mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala nkutsikira pa nyumba za anthu ku Chilobwe. Sindikunena kuti mitengo yokha ikanaletsa mvula yochuluka chonchija, koma phiri lopanda mizu ndi makwawa omangidwamo nyumba zinakulitsa tsokalo. Ndipo dothi lochoka m'mapiri ndi m'minda ya boma lino silithera pafupi. Mitsinje monga Lunzu ndi Lirangwe imalinyamula mpaka mu Shire, mtsinje umene Blantyre Water Board imapopamo madzi ambiri a mzinda uno pa Walker's Ferry, umenenso umayendetsa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 madzi osefukira a namondwe wa Ana anaononga Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tinakhala m'mdima wa maola ambiri kwa nthawi yoposa chaka. Mukamakambirana ndi anthu a m'dera lanu muziwauza zimenezi, chifukwa mpopi wouma ndi kuthima kwa magetsi aliyense amazidziwa.

Za zinyalala ndingonena mwachidule. Tsiku loyeretsa mtsinje ndi labwino pokopa anthu, makamaka ana asukulu, koma gwirizanani ndi Khonsolo pasadakhale za galimoto yodzanyamula zimene mwatola, apo ayi majumbo ndi matewera zidzabwerera m'madzi ndi mvula yoyamba. Ana musawalowetse m'madzi akuda opanda magulovesi ndi majombo.

Chimene ndikupemphani kwambiri ndi chakuti muchepetse chiwerengero. Ngati pagulu lanu mulipo 20, aliyense atenge mitengo 10 yomwe adzaidziwa ngati ana ake: aitchingire ndi minga kapena timitengo, aiphimbire ndi udzu patsinde mosakhudza khungwa, apalire mozungulira mu Meyi ndi Juni moto usanayambe, ndipo aziithirira kawiri pa sabata m'chilimwe choyamba. Lembani maina m'kope, ndipo mu Okutobala muyende pamodzi kuwerenga yomwe ili moyo. Chiwerengero cha mu Okutobala chimenecho ndi chimene mudzapite nacho kwa aliyense amene mukufuna kuti akuthandizeni chaka chamawa.

Kunazale yathu tatsala ndi mbande za mbawa ndi katope zokwana kugawana, komanso vetiva amene mungagawe mapesi ake. Mukamaliza kuyenda m'mbali mwa mtsinjewo ndi kukambirana ndi eni madimba, mundilembere ku inbox, ndipo Loweruka lina ndidzabwera ndi anzanga awiri kuti tidzaone limodzi malo oyambira.