Mabuku oyambira kwa munthu wa pa wailesi

Achimwene, mwati mumagwira ntchito pa wailesi ya m'dera kwanu, ndipo mukufuna mabuku okuthandizani kumvetsa chifukwa chake nkhani zina zimaulutsidwa pomwe zina zimafera m'kabati. Mwafunsanso ngati muyambe ndi Plato, katswiri wa filosofe wa ku Greece wakalekale uja. Ine ndikuti Plato adikire kaye.

Yambani ndi buku la Harri Englund la 2011, Human Rights and African Airwaves. Mkuluyu anakhala pansi n'kufufuza pologalamu ya Nkhani za M'maboma ya pa MBC, ija anthu ophunzira amainyoza kuti ndi ya ufiti ndi zachigololo basi. Iye anapeza kuti m'makalata omwe omvera amatumiza muli madandaulo enieni: mfumu yogulitsa malo, bwana wosalipira antchito, m'busa wodyera nkhosa zake. Anthu osauka sanena kuti mfumu ichoke, koma amaikumbutsa udindo wake pa iwo. Phindu la bukuli kwa inu ndi lakuti zomwe likukamba mukuzidziwa kale, ndiye mutha kutsutsana naye pomwe mukuona kuti wasochera. Kuwerenga filosofe kumayambira pamenepo, pa kutsutsa.

Mukamaliza, tengani Manufacturing Consent ya Edward Herman ndi Noam Chomsky, ya 1988. Iwo amati nkhani isanafike kwa womvera imadutsa m'masefa asanu: mwini nyumba yofalitsa nkhani, otsatsa malonda, magwero omwe atolankhani amadalira, kukalipiridwa ndi amphamvu nkhani ikawapweteka, komanso mantha a chikomyunizimu a nthawi imeneyo. Mutu woyamba ndi wokwanira. Yotsatirayo imalowa kwambiri m'nkhondo ya ku Vietnam ndi za ku Central America. Koma musalimeze lonse. Analemba za America, komwe boma silimanga mtolankhani kawirikawiri, ndalama ndizo zimamutseka pakamwa. Kuno tinali ndi lamulo la 1968 lopima zolemba ndi zosangalatsa, ndipo Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 osazengedwa mlandu mpaka kutuluka mu 1991. Ndiye dzifunseni kuti sefa iti ikugwira pa wailesi yanu lero, ndodo kapena thumba.

Pa ndale, Mahmood Mamdani ndi buku lake la 1996, Citizen and Subject. Ndi lolemera, sindikubisirani. Mfundo yake ndi yakuti atsamunda anagawa anthu pawiri, a m'tauni olamulidwa ndi malamulo olembedwa, a kumudzi olamulidwa ndi mfumu yomwe inapatsidwa khoti, msonkho ndi malo m'dzanja limodzi, ndipo maboma odzilamulira sanaphwasule dongosololi. Zitsanzo zake zambiri ndi za ku Uganda ndi South Africa. Mukaliwerenga pambali pa Englund muona kuti awiriwa saiona mfumu mofanana, ndipo kusiyana kumeneko n'kokoma kuposa buku lililonse palokha.

Frantz Fanon ambiri amamutchula koma owerenga ndi ochepa. Mu The Wretched of the Earth ya 1961, pitani pa mutu wachitatu, pomwe akuchenjeza za atsogoleri olowa m'mipando ya azungu n'kusiya zina zonse momwe zinalili.

Ngati mtima uli pa filosofe yeniyeni, sakani nkhani ya malemu Didier Kaphagawani, Mmalawi mnzathu, yokamba za momwe Achewa ndi mitundu ina amaonera munthu. Ili mu A Companion to African Philosophy yomwe anasonkhanitsa Kwasi Wiredu mu 2004.

Za ndalama: Plato uja mudzamupeza mwaulere pa Project Gutenberg, tsamba la mabuku pa intaneti, ndipo mudzayambe ndi buku lake la Apology chifukwa ndi lalifupi. Mawu akakuvutani, Stanford Encyclopedia of Philosophy ili pa intaneti osalipira. Enawo funsani ku laibulale ya koleji yomwe muli nayo pafupi, kapena mugawane mtengo ndi anzanu a kuntchito, popeza Englund yekhayo mudzafuna kumukambirana ndi wina amene amamvera pologalamuyo.